Chonde Chimene Chimathera mu Shire

Mvula yoyamba ikangogwa, mitsinje imene imathira mu Shire imasintha maonekedwe usiku umodzi wokha. Rivirivi, Lisungwi, Lunzu, Mkulumadzi ndi Ruo, yomwe m'chilimwe imangoyenda pang'onopang'ono pakati pa miyala, imadzuka itafiira ngati katondo, ndipo anthu amangoti madzi abwera. Koma chobweracho si madzi okha. M'matope ofiirawo muli dothi lapamwamba la minda ya ku Ntcheu, Balaka, Neno, Blantyre ndi Thyolo, muli phulusa la mapesi otenthedwa posaka mbewa, muli ndowe za ziweto, ndipo dzinja likafika pakati mumakhalanso feteleza amene wina anagulitsira mbuzi kuti amupeze. M'mayiko ambiri nkhani ya chakudya cha mbewu chothawira m'mitsinje imakambidwa ngati mlandu wa mlimi: iye ndiye wadetsa, mtsinje ndiye walakwiridwa. Mbiri ya chigwa cha Shire ikuonetsa zina. Kuno mlimi ndi mtsinje akhala akutayikiridwa limodzi, njira zotetezera onse awiri zakhala zikudziwika kwa zaka pafupifupi 90, ndipo chimene chakhala chikulepheretsa ntchitoyi si umbuli wa alimi ayi. Maboma otsatizana akhala akusenzetsa mtolo wonse munthu wa khasu, chonsecho phindu lalikulu la madzi oyera limadyedwa ndi ena kumunsi kwa mtsinje.

Zakudya ziwiri zimene chimanga chimazifuna kwambiri, nayitirojeni ndi fosiforasi, ndi zomwezonso zimene ndere ndi zomera za m'madzi zimakula nazo. Ziwirizi zimachoka m'munda mosiyana. Nayitirojeni amasungunuka msanga, choncho yureya wothiridwa pamwamba mvula yamphamvu ili pafupi amatsukidwa kapena kulowa pansi kupitirira pamene mizu imafika. Fosiforasi amamatirira ku dothi, ndipo amayenda pokhapokha dothilo likamayenda. Zikafika m'madzi odekha, ndere zimachulukana, zimafa, zimaola, ndipo poola zimamaliza mpweya umene nsomba zimapuma. Ku America, feteleza wa minda ya chimanga ya m'chigwa cha Mississippi wapangitsa kuti chaka chilichonse kunyanja ya Gulf of Mexico kukhale dera limene nsomba sizingakhalemo, ndipo mu 2017 deralo linakula masikweya kilomita pafupifupi 22,700, kapena kuti magawo atatu mwa anayi a Nyanja ya Malawi. Mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo mu 1991 lochepetsa manyowa ndi feteleza amene mlimi angathire m'madera amene madzi ali pangozi. Kumeneko vuto ndi kukhuta: munda umalandira zoposa zimene ungadye. Kwathu kuno vuto ndi lina, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumene kuyenera kutsogolera maganizo athu onse. Minda yathu ndi yanjala, ndipo chochepa chomwe ili nachocho ndicho chikukokoloka.

Sizinali choncho kuyambira kale. David Livingstone atadutsa m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima mapira, chimanga, nyemba, maungu ndi thonje, ndipo ulimi wawo unali ndi nzeru zake zosungira chonde. Kumtunda ankaunda matutu, kukwirira udzu ndi zinyalala mkati mwake, n'kubzala mbewu zosakaniza zimene zinkaphimba nthaka yonse. Munda ukatopa ankausiya tsala kwa zaka zingapo n'kukatsegula mphanje. M'madimba, madzi osefukira ankasiya dothi lachonde chaka ndi chaka, ndipo bango ndi nsenjere za m'mphepete zinkasefa zotsala. Sitiyenera kukometsera nthawi imeneyo mopitirira, pakuti njala inaliko, moto wa m'tchire unaliko, ndipo ulimi wotere unkatheka chifukwa anthu anali ochepa, malo ali ambiri. Mfundo yofunika ndi yakuti tsala ndilo linkagwira ntchito imene lero tikuisaka m'thumba la feteleza, ndipo tsala limafuna malo.

Malowo ndiwo anayamba kusowa. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston anapereka zikalata zotsimikizira umwini wa malo kwa azungu ndi makampani awo, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino ya m'mapiri a Shire linasanduka maesiteti. Nthawi yomweyo Alomwe ambiri ankalowa kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi. Amene anakhala m'maesiteti analowa m'goli la thangata, limene linali limodzi mwa madandaulo a John Chilembwe mu 1915. Amene anakana thangata anapanikizana pamalo otsala, ambiri mwa iwo m'mitsetse ya mapiri a ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Zomba. Munthu amene ali ndi ekala imodzi pamtsetse sangasiye tsala, ndipo sangaleke kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa khwawa. Pofika m'ma 1930 zigwembe zinayamba kuoneka, mitsinje ina imene inkayenda chaka chonse inayamba kuphwa m'chilimwe, ndipo akuluakulu a boma la atsamunda anadzidzimuka. Koma pofufuza gwero la vutoli anayang'ana khasu la mlimi, osayang'ana mapu a malo amene iwo omwe anajambula.

Mantha awo anakulira kutali. M'zaka zomwezo mphepo inaulutsa dothi la minda ya pakati pa dziko la America mpaka kuchititsa mdima masana, ndipo mu 1935 boma la kumeneko linakhazikitsa nthambi yoteteza nthaka motsogozedwa ndi Hugh Bennett. Maphunziro ake a mizere yopingasa mtsetse ndi milambala anafalikira m'mayiko ambiri olamulidwa ndi Britain. Ku Nyasaland lamulo la zachilengedwe la 1946 linapereka mphamvu zokakamiza alimi, ndipo njala yoopsa ya 1949 inalimbitsa mtima bwanamkubwa Geoffrey Colby ndi mkulu wa zaulimi Richard Kettlewell kuti kunyengerera kwatha ntchito. Malamulo amene anthu ankangowatchula kuti malimidwe analamula kusiya matutu n'kuyamba mizere, kukumba milambala, kusalima m'mphepete mwa mitsinje ndi pamapiri otsetsereka, kusosa ndi kubzala pofika tsiku loikika. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kuponyedwa m'ndende, ndipo nthawi zina mbewu zake zinkazulidwa iye akuona. Tikayang'ana mndandanda wa malamulowo lero, ambiri mwa iwo ndi zomwezo zimene alangizi ndi mabungwe akuphunzitsabe. Kusiya udzu m'mbali mwa mtsinje inali nzeru yabwino mu 1950 monga ilili lero. Choipa chinali chakuti kukumba milambala kunkachitika m'miyezi yotentha nthaka ili gwa, kunkadya gawo la munda wochepa kale, ndipo phindu lake silinkaoneka m'nkhokwe chaka chimenecho kapena chotsatira. Amuna ambiri anali ku Joni ndi ku Halale, choncho ntchito yonseyo inagwera amayi, ndipo amayiwo ndiwo ankaimirira pabwalo la milandu.

Zotsatira zake zimadziwika kwa aliyense wowerenga mbiri ya ufulu wa dziko lino, ngakhale nthawi zambiri timaziwerenga ngati nkhani ya ndale chabe. Mu 1953, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chikukhazikitsidwa, Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma linaichotsa paufumu, inathawira ku Mozambique pamodzi ndi mbusa Michael Scott, inabwezedwa, ndipo inamwalira mu 1954. Kuchigwa cha kumunsi kwa Shire, kumene nthaka ndi yosalala ndiponso yamchenga moti mizere imauma msanga padzuwa, anthu anakana mitumbira mwamphamvu, ndipo osunga kachisi wa Mbona ku Khulubvi anali kumbali ya anthuwo. Wolemba mbiri Elias Mandala anafotokoza bwino za mkangano umenewu, ndipo Wapulumuka Mulwafu analondola nkhani yonse ya boma, alimi ndi nthaka m'buku lake la 2011. Chipani cha Nyasaland African Congress chinapeza kuti mlimi wa kumudzi, amene nkhani za chitaganya zinkamveka zakutali kwa iye, ankadziwa bwino lomwe kuwawa kwa chindapusa cha milambala. Dr Banda atabwera mu 1958, chidani cha malimidwe chinathandiza kudzaza misonkhano yake, ndipo ngakhale komiti yofufuza ya Devlin ya 1959 inavomereza kuti malamulowa ankadedwa kwambiri. Atapambana chisankho cha 1961 n'kukhala nduna ya zachilengedwe, Dr Banda anathetsa kukakamizako n'kunena kuti alimi aziphunzitsidwa, osati kuzengedwa milandu.

Alipo amene anganene kuti chikoti chinagwira ntchito, ndipo umboni wawo si wopepuka. Lero mlimi wa chimanga pafupifupi aliyense m'Malawi amaunda mizere, matutu atsala m'malo owerengeka, ndipo chinthu chimene agogo athu anamangidwira chasanduka chizolowezi chimene mwana amaphunzira asanayambe sukulu. Komabe tiyenera kuona chimene chinatsala ndi chimene chinatayidwa. Mzere unatsala chifukwa unkathandiza mlimi mwachindunji: umakwirira udzu, umasonkhanitsa dothi labwino pamizu, umafewetsa kupalira ndi kubandira. Koma zimene zinkapindulira mtsinje kuposa mwini munda, monga milambala, kusiya malo m'mphepete mwa madzi ndi kuleka kulima pamapiri, zinasiyidwa chindapusa chitangotha, ndipo m'malo ena milambala inagumulidwa dala posonyeza ufulu. Mzere wotsalawo unatsalanso wopanda mutu wake. Popanda akalozera, mizere yambiri simatsata mtsetse moyenera, ndipo mzere wopendekeka umasanduka ngalande yothamangitsa madzi ndi dothi. Kuphwanya ndi kuundanso mizere chaka ndi chaka ndi khasu lofika pamalo amodzimodzi kwaumbitsa dothi lolimba pansi pake, limene madzi ndi mizu zimavutika kuboola. Chikoti chinasiyanso bala lina lovuta kupola: kwa zaka zambiri wandale aliyense ankaopa kutchula za kuteteza nthaka mwamphamvu, poopa kufanana ndi atsamunda.

M'zaka zomwe boma linabwerera m'mbuyo pa nkhani ya nthaka, linamangirira tsogolo lake lonse pa mtsinje wa Shire. Chotchinga madzi cha ku Liwonde chinamalizidwa mu 1965, makina a magetsi a ku Nkula anayamba kugwira ntchito mu 1966, a ku Tedzani mu 1973, ndipo a ku Kapichira mu 2000. Mzinda wa Blantyre unadalira madzi opopedwa pa Walker's Ferry. Pamenepo mtsinje unapeza eni ake atsopano, okhala m'tauni, amene moyo wawo unadalira zochitika m'minda ya kumtunda, koma panalibe chingwe chilichonse chowalumikiza ndi alimi a mindayo. Kumbali ya ulimi, chidwi chinapita kwa achikumbe, ku ngongole za makalabu, ku ADMARC imene inakhazikitsidwa mu 1971, ndiponso ku maesiteti a fodya amene anatenganso malo ambiri m'ma 1970 ndi m'ma 1980. Chiwerengero cha anthu, chimene chinali pafupifupi 4 miliyoni mu 1966, chinafika 17.5 miliyoni pa kalembera wa 2018. Tsala linatheratu, ndipo chonde chinayamba kutanthauza chinthu chogula. Thandizo la feteleza litachotsedwa m'ma 1990 motsatira ndondomeko za obwereketsa ndalama, zokolola zinagwa, ndipo boma linabweretsa timatumba taulere mu 1998. Njala ya 2002 ndi ya 2005 zinatsegula njira ya makuponi a Bingu wa Mutharika mu 2005, matumba awiri a makilogalamu 50, wokulitsa ndi wobereketsa, ndipo ndondomekoyo inapitirira ndi dzina lina kuyambira 2020. Zaka zambiri makuponi adya ndalama zoposa theka la bajeti ya unduna wa zaulimi, pamene alangizi akucheperachepera.

Apa pali chitsutso chachiwiri, chimene chiyenera kumvedwa mwaulemu chifukwa chimachokera m'mimba mwa anthu anjala. Mlimi wa ku Balaka amathira feteleza wochepa kwambiri poyerekeza ndi mnzake wa ku Iowa kapena ku Netherlands, atsogoleri a Africa atakumana ku Abuja mu 2006 anagwirizana zoonjezera feteleza osati kuchepetsa, nanga bwanji tizitengera nkhawa za mayiko okhuta? Yankho ndi lakuti palibe amene akupempha mlimi wa ku Malawi kuti achepetse feteleza. Chofunika ndi chakuti amene wathiridwayo akhale m'munda. Kafukufuku wa bungwe la FAO pamodzi ndi boma anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya dothi lokwana matani 29 pa hekitala iliyonse pachaka, ndipo dothi loyamba kupita ndi lapamwamba, lopepuka, lakuda, lomwe lili ndi chonde chochuluka. Nthaka imene yataya zoolerana zake simagwira madzi kapena feteleza, ndipo ofufuza ambiri aonetsa kuti m'minda ya alimi wamba thumba limodzi limabala chimanga chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene limabala m'minda yoyeserera. Alimi eni ake amanena zomwezo m'mawu awo, kuti nthaka yaguga, kuti masiku ano matumba awiri sakuchitanso zimene thumba limodzi linkachita kale. Tsono ndalama ya kuponi imatayika kawiri: ikalephera kubala chimanga kumtunda, ndiponso ikakadyetsa zomera zosafunika kumunsi.

Chodziwika kwambiri mwa zomerazo ndi namasupuni. Kwawo ndi ku South America, anaoneka kumunsi kwa Shire chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 anali atafika kumtunda kwa mtsinjewu. M'madzi osowa chakudya sakula mwachangu, koma m'madzi odzala nayitirojeni ndi fosiforasi amatha kuwirikiza kuchuluka kwake m'masabata awiri. Pamodzi ndi udzu wina woyandama amatseka zosefera madzi za makina a magetsi, pomwe matope amadzaza maiwe a ku Nkula ndi ku Kapichira n'kumadya zitsulo za makinawo. Pa Walker's Ferry matope omwewo amakwirira polowera madzi a mzinda wa Blantyre. Dziko layesetsa kulimbana nazo: tizilombo todya namasupuni tinabweretsedwa m'ma 1990, ku Liwonde kuli chotchinga zomera ndi makina ozivuula, ndipo mgwirizano wa madola 350 miliyoni wa boma la America, umene unayenda kuyambira 2013 mpaka 2018, unagulanso makina okolola zomera ndi okumba matope. Ntchito zimenezi ndi zofunika, ndipo popanda izo kuthimathima kwa magetsi kukanaposa apa. Koma zonsezi ndi ndalama zolipirira kuchotsa dothi la mlimi litafika kale pamalo olakwika, ndipo chaka chamawa lidzabweranso lina.

Nyanja ya Malawi imaoneka yaikulu moti munthu angaganize kuti singadetsedwe, koma kukula kwakeko ndiko ngozi yake. Ndi yakuya pafupifupi mamita 700, madzi ake a pansi kupitirira mamita 250 alibe mpweya mwachibadwa, ndipo potulukira pake ndi Shire yekha. Madzi ambiri amachoka mwa nthunzi, kusiya m'mbuyo zonse zimene anabwera nazo, kotero kuti cholowa m'nyanjayi chimakhalamo zaka mazanamazana. Asayansi amene anagwira ntchito ku Senga Bay chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pakati pawo Robert Hecky ndi Harvey Bootsma, anayeza mitsinje yothira m'nyanja ndipo anapeza kuti yochokera m'madera olimidwa kwambiri, monga Linthipe, imabweretsa matope ndi chakudya cha zomera chochuluka kwambiri kuposa yochokera m'nkhalango. Anapezanso kuti gawo lina limagwa kuchokera kumwamba, mu utsi ndi phulusa la moto wa m'minda ndi m'tchire. Nyanja ya Victoria inadutsa kale njira imeneyi: madzi ake anachita ndere, mpweya wa pansi unachepa, ndipo namasupuni amene anaoneka mu 1989 anatseka madooko a ku Kisumu ndi ku Uganda zisanathe zaka khumi. Kwathu kuno nsomba zimene zimakwera mitsinje kukaswana ndizo zinayamba kumva. Ntchila, imene kale inali yambiri, inasowa chifukwa cha kugwidwa mopitirira pamodzi ndi kuwonongeka kwa mitsinje, ndipo mpasa, umene umaikira mazira pamiyala yoyera, wadalira kwambiri mtsinje wa Bua pamene ukudutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota.

Ndi zoona kuti si mlimi yekha amene amadetsa madzi. Mudi amatuluka m'Blantyre atanyamula zonyansa za m'zimbudzi ndi za m'mafakitale, mtsinje wa Lilongwe nawonso chimodzimodzi, ndipo mapiri a ku Neno ndi ku Mwanza ameteka chifukwa cha makala amene amapsa pa mbaula za m'tauni. Kunena zimenezi sikufooketsa mfundo ya nkhani ino koma kuilimbitsa, pakuti zikuonetsa kuti anthu a m'tauni ali ndi mbali yawo pa mlanduwu asanayambe n'kuloza chala kumudzi.

Tikafuna kudziwa njira zimene zingagwire, mbiri yomweyi imatiuza poyang'ana. Mtengo wa msangu, umene umayoyola masamba m'dzinja n'kusiya chimanga chikulandira dzuwa ndi chonde, alimi a m'mphepete mwa nyanja ankausunga m'minda palibe wowalamula. Nandolo wakhala akubzalidwa pakati pa chimanga m'chigawo cha kummwera kwa mibadwo, chifukwa amapereka ndiwo, nkhuni ndi ndalama, pomwe mizu yake ikuboola dothi lolimba ndipo masamba ake akuphimba nthaka. Ku Makoka m'boma la Zomba, minda yoyeserera ya gliricidia ndi chimanga, imene inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, yaonetsa kwa zaka zambiri kuti masamba a mtengowu amakweza zokolola, ndiponso kuti feteleza wochepa amagwira ntchito bwino akakumana nawo. Ku Ekwendeni, kuyambira 2000, alimi ogwira ntchito ndi chipatala cha kumeneko anafalitsa kubzala nandolo ndi mtedza pamodzi, ndipo chinawakopa sichinali mtsinje koma thanzi la ana awo. Manyowa a Mbeya, osakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, madeya ndi phulusa, afalikira mofulumira mtengo wa thumba utakwera. Zonsezi zimachepetsa chonde chothawira m'madzi, ndipo zonse zakhazikika chifukwa zimalipira mlimi msanga. Ulimi wa mtayakhasu, umene mabungwe aulimbikitsa kwambiri, wayenda movutikira: mapesi ophimbira amafunidwanso ndi ziweto ndi moto wophikira, udzu umavuta popanda mankhwala, ndipo alimi ambiri amausiya thandizo la bungwe likatha.

Chovuta kwambiri ndi dimba. Mzere wa bango, nsenjere, vetiva, mikuyu ndi katope m'mbali mwa mtsinje ndiyo njira yodalirika koposa yogwirira dothi ndi fosiforasi zisanalowe m'madzi, ndipo malamulo athu amaletsa kale kulima mpaka pagombe. Koma malo amenewo ndiwo okhawo achinyezi m'chilimwe, ndiwo amabala tomato, mpiru ndi mondokwa wolipirira fizi, ndipo boma lomwelo linagawa mapampu opondaponda kulimbikitsa ulimi wa mthirira pamalo omwewo. Kuuza mayi wa ekala imodzi kuti asiye dimba lake chifukwa cha magetsi amene m'nyumba mwake mulibe n'kubwereza cholakwa cha Kettlewell ndi mawu ofewa chabe. Apa ndi pamene phindu la mlimi ndi phindu la mtsinje zimapatukana, ndipo palibe maphunziro kapena msonkhano wa kwa mfumu umene ungabise kupatukanako. Munthu akasiya gawo la munda wake kuti ena amwe madzi oyera ndi kuyatsa magetsi, wagwira ntchito, ndipo ntchito imalipidwa.

Izi zachitikapo kwina. Mzinda wa New York, utauzidwa kuti umange malo osefera madzi a ndalama mabiliyoni angapo a madola, unasankha kukambirana ndi alimi a ng'ombe a m'mapiri a Catskill kumene madzi ake amachokera. Alimiwo poyamba anakana malamulo ochokera kumzinda, monga momwe agogo athu anakanira milambala. Mgwirizano umene unapangidwa m'zaka za m'ma 1990 unayenda chifukwa kulowamo kunali kodzifunira, alimi eni ake ndiwo ankayendetsa ntchitoyo, ndipo mzinda ndiwo unkalipira mipanda yotchinga ng'ombe kumitsinje, mosungira manyowa ndi malo osiyidwa m'mphepete mwa madzi. Wina anganene kuti New York ndi wolemera ndipo Malawi ndi wosauka, kuti alimi a kumeneko ndi mazana ochepa pamene a m'chigwa cha Shire ndi mamiliyoni, ndiponso kuti ndalama zodutsa m'manja ambiri zimafika zitachepa. Zonsezi ndi zoona, ndipo zikutanthauza kuti sitingayambe paliponse nthawi imodzi. Koma dothi silichoka mofanana paliponse: mitsetse yowerengeka ndi magombe a mitsinje ingapo ya pakati pa Liwonde ndi Kapichira ndiyo imathira matope ambiri m'maiwe a magetsi, ndipo kumeneko n'koyambira. Ndalama nazo zikutuluka kale. Kampani yopanga magetsi imalipira kukumba matope ndi kuvuula zomera chaka chilichonse, bungwe la madzi limalipira kusefa ndi kukonza mapampu, eni mafakitale amagula dizilo wa majenereta, ndipo boma limagula feteleza wa mabiliyoni ambiri a makwacha amene gawo lake limatsikira mu Shire. Kachigawo kochepa ka mtengo wa magetsi ndi madzi katapita kwa midzi imene yasunga magombe ake, kolipiridwa pa zooneka ndi maso monga mzere wa vetiva wamoyo ndi bango losadulidwa, ndipo kuponi atamabwera pamodzi ndi mbewu ya nandolo, mbande za mitengo ya chonde ndi mlangizi wothandiza kuyeza akalozera, ndalama zomwezo zikanagwira dothi likadali m'munda wa ku Neno, lisanafike pa zosefera za ku Nkula.